A Nyirongo ndi Mawu Oti Ndamva

Nkhani iyi sindinauzepo munthu. Mkazi wanga sakuidziwa, abusa athu a ku Dunoon, lokesheni imene timakhala kuno kunja, sakuidziwa, ndipo a Nyirongo, amene ndinayenera kuyamba kuwauza, maliro awo ananyamuka Lachinayi lapitali kupita kwawo ku Rumphi. Ndikulemba chifukwa pakamwa pandikanika. Dzanja langa ndi lochedwa, sukulu ndinailowa ndili ndi imvi, koma pepala silindiyang'ana m'maso.

A Nyirongo anali munthu wamtali, wowerama pang'ono ngati munthu wozolowera zitseko zazifupi. Juzi yawo yabulauni sankaivula ngakhale m'Januwale, phula likufewa mu msewu. Nkhomaliro yawo inali imodzimodzi chaka chonse: buledi wosapaka kanthu, mtedza wokazinga wa m'kabotolo ka jamu, ndi tiyi wopanda shuga. Zaka zawo sankanena. Ankangoti anachoka kumudzi nthawi ya chipani chimodzi, satifiketi ataisokerera m'kati mwa jekete. Chichewa chawo chinali cha munthu wa kumpoto, cholemera, chosathamanga. Makina akawavuta ankawalankhula m'Chitumbuka, motsitsa mawu, ngati akudzudzula mbuzi ya mnansi.

Tinkagwira ntchito pa kakampani kena ku Montague Gardens, kopanga mabokosi a batire. Magetsi akazima, bokosi limagwira filiji, mababu ndi makina ometera kwa maola angapo. Ogula ambiri anali a masipaza, timasitolo ta m'malokesheni, ndi ometa tsitsi.

M'kati mwa bokosi lililonse muli mitu iwiri. Umu ndi mmene a Nyirongo anandifotokozera, akuloza ndi pensulo tizipangizo tiwiri takuda, tating'ono ngati zikhadabo. Mutu waukulu uli ndi pulogalamu yotchedwa kenelo, kapitawo wa bokosi lonse, amene amalamula kuti batire lilandire magetsi ochuluka bwanji ndipo lileke liti. Mutu waung'ono uli ndi pulogalamu yakeyake, femuweya, ndipo ndi umene uli ndi dzanja pa swichi ya batire. Awiriwa salankhulana maso ndi maso. Pakati pawo pali kamalo kosiyapo mawu, amakatcha melobokisi, ngati kabokosi ka makalata ka pa geti. Wamkulu amaikamo uthenga n'kuliza belu. Wamng'ono amatenga uthengawo n'kubweza belu. Ntchito ya a Nyirongo inali kulemba mbali ya kenelo imene imaika uthenga, kuliza belu, ndi kudikira.

Ankakonda kunena kuti kalata aliyense angalembe, ntchito ili pa kudikira yankho: udikire nthawi yaitali bwanji, ndipo likapanda kubwera uchite chiyani. Pulogalamu ankayamba kuilemba ndi pensulo m'kope la ana asukulu, asanakhudze kompyuta. Zimene alemba ankazitumiza kwa akatswiri a kunja amene amayang'anira kenelo, anthu amene sanawaonepo nkhope. Iwo akabweza ndi madandaulo, a Nyirongo ankasindikiza kalatayo pa pepala n'kukangana nayo mokweza mawu, kwinaku akutafuna mtedza. Akamaliza kunyoza, ankakhala pansi n'kukonza zonse zimene auzidwa.

Ine pamalopo ndinalowa ndi tsache. Tsiku lina anandipeza kuseri kwa fakitale ndikutchula zilembo za pa katoni chimodzichimodzi, monga ankatiphunzitsira ku sukulu ya akulu ya kutchalitchi. Ndinabisa katoniyo kumbuyo ngati ndaba.

"Kwanu n'kuti, bambo?"

"Ku Ntcheu."

"Ndaona. Anthu a ku Ntcheu chizindikiro cha pa botolo mumachiwerenga muli kutsidya la msewu. Zilembo zinazi zinakulakwirani chiyani?"

"Ife tinali kumunda, kulima mbatata zoti inu ophunzira mudye."

Anaseka mpaka kutsokomola. Mwezi usanathe anakalankhula ndi mwini kampani, ndipo anandichotsa pa tsache n'kundiika pa tebulo loyesera mabokosi. Ntchito yake inali kukhala pansi, kuzimitsa ndi kuyatsa magetsi olowa m'bokosi monga amachitira ku lokesheni, kuyang'ana mizere ya pa kompyuta, ndi kuchonga pa pepala ngati zonse zili bwino. Anandipatsa mpando wokhala ndi mateyala. Ndinali ndisanakhalepo pa mpando kuntchito chibadwire.

Tinayambanapo kamodzi kokha, m'zaka zawo zomaliza. Anakhazikitsa lamulo lakuti pa tebulo pawo pasamveke mawu oti "ndamva". Akandiuza kanthu ine n'kuyankha choncho, ankaika pensulo pansi.

"Mwamva chiyani, a Mbewe? Bwerezani."

"Ndine mwana wa sitandade wani kodi? Ndili ndi zidzukulu ine."

"Zidzukulu zanu sizili muno. Bwerezani."

Tinatha masiku awiri tikungopatsana moni wouma. Tsiku lachitatu anandisunthira kabotolo ka mtedza osandiyang'ana. Ankati ife a ku Malawi ulemu udzatipha, chifukwa wamkulu akalankhula timayankha kuti ndamva, ngakhale mawuwo angodutsa pamwamba pa mutu. Ankati m'mawu amodziwa tinalongedzamo zinthu zitatu, kumva ndi khutu, kumvetsa, ndi kumvera, ndipo wofunsa amasankha chimene chikumukomera. Anzathu a pantchito ankaona ngati ndi nkhanza za ukalamba. Ine ndinkadziwa kumene lamulolo linachokera.

Linachokera ku sabata imene anapita kumudzi kukaika mchemwali wawo, zaka zingapo m'mbuyomo. Mabokosi a mtundu watsopano anali pafupi kutuluka. Mwini kampani ankafuna atuluke dzinja la kuno lisanafike, ndipo iye ndi a Nyirongo ankakangana za zimenezi tsiku ndi tsiku, chitseko cha ofesi chili chotseguka. A Nyirongo ankakayikira kanthu kena. Ankaganiza kuti magetsi akazima n'kubwerera mwamsangamsanga, mutu waung'ono umatha kubweza belu koma uthenga wake n'kuutaya. Analibe umboni. Choncho anawonjezera mzere wachikasu woti uzituluka pa kompyuta ngati zimene kenelo yalamula zasiyana ndi zimene batire likuchita.

Anandifotokozera ataimirira, chikwama chili paphewa, galimoto yopita kubwalo la ndege ikuliza hutala panja. Maso awo anali ofiira. Ankalankhula mofulumira, theka Chichewa theka Chingerezi, ndipo mainjiniya ena awiri anali pomwepo akumvetsera. Patapita nthawi ndinadzadziwa zimene ananena: mzere wachikasu ukatuluka ndisazimitse bokosi, chifukwa kuzimitsa kumafufuta zimene zatsala mu melobokisi. Ndichotse waya wa batire, ndilisiye choncho, ndiwaimbire foni ngakhale ali pamaliro. Koma tsikulo ndinatolapo mawu awiri okha, chikasu ndi foni. Munthu wamkulu, woferedwa, wondikweza kuchokera pa tsache, wochedwa kundege, ndimuuze pamaso pa anthu kuti abwereze?

"Mwamva, a Mbewe?"

"Ndamva, bambo. Muyende bwino."

Mzerewo unatuluka Lachiwiri masana. Ndinali nditangogunda waya ndi chigongono potenga kapu, ndipo ndinakhulupirira kuti ndaononga ndine. Ndinagwira bokosi, linali lofunda kuposa masiku onse. Ndinaganiza za foni, kenako ndinaganiza za munthu ali pakati pa abale kusiwa, akuuzidwa kuti wosesa uja waswa makina. Ndinaganiza za mapepala anga okhalira m'dziko muno, amene nthawi imeneyo sanali olongosoka. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinazimitsa bokosi, n'kuliyatsanso. Mzere unachoka. Ndinachonga.

Unabweranso Lachinayi, ndisanagunde kanthu. Unabweranso Lachisanu kawiri. Dzanja linali litazolowera.

A Nyirongo atabwerako anaona pepala lodzaza ndi zochonga zanga. Anandifunsa ngati chikasu chinaoneka. Ndinapukusa mutu. Anapumira m'mwamba, nati mwina ukalamba wayamba kuwaonetsa mizukwa, ndipo anasaina kuti mabokosi atuluke.

Moto unabuka Lamlungu lina masana, mwera wa kuno ukuwomba, uja umanyamula malata ngati mapepala. Tinali kutchalitchi. Titatuluka tinaona utsi wakuda utagona chammbali pamwamba pa madenga, anthu akuthamanga ndi matiresi pamutu, ana akulira, ndowa zikuperekedwa dzanja ndi dzanja kuchokera pa mpopi umodzi wotuluka madzi ngati misozi. Mzere wonse wa tinyumba ta malata unapsa. Moto unayambira mu sipaza ya mayi Esinati a ku Thyolo, amene ndinawauza ndine kuti agule bokosi lathu. Iwo anathawa bwinobwino, kenako anakumbukira pasipoti ndi mapepala a ana, nabwereramo. Anawatulutsa amoyo. Dzanja lawo lamanja linapindika, ndipo silinawongokenso.

Madzulo ake anthu anayamba kunong'ona kuti moto wayambira kwa obwera, ife ochokera m'maiko ena. Amene anakhalapo m'malokesheni a kuno akudziwa kulemera kwa mawu amenewo. Sabata yonse tinkayenda mitu ili pansi, osalankhula Chichewa mu takisi, minibasi za kuno, zikwama zili zomangamanga kuseri kwa chitseko. Pamapeto pake anthu anagwirizana kuti chinali chitofu cha parafini, poti nthawi zambiri chimakhala chimenecho, ndipo nkhani inazizira.

A Nyirongo sanakhulupirire za parafini. Lolemba m'mawa anabwera ku Dunoon ndi juzi yawo ija, napempha kuti ndiwalondolere pamalopo. Anafukula phulusa ndi kachitsulo mpaka anapeza bokosi lija, litangotsala chigoba. Analitembenuza. Linali litang'ambikira kunja, ngati chimanga chophulika pamoto. Moto unali utayambira m'kati mwake. Analikulunga m'thumba la simenti, ndipo m'takisi analifungatira pamiyendo.

Kuntchito anatenga mabokosi akale oyesera aja n'kuwalumikiza ku kompyuta yawo. Ine ndinali ndisakudziwa kuti bokosi limasunga penapake nthawi iliyonse imene lazimitsidwa. Cha m'ma fili koloko anandiitana. Pa kompyuta panali mndandanda wa masiku ndi maola. Chingerezi changa n'chochepa, koma Lachiwiri, Lachinayi ndi Lachisanu ndimawadziwa.

"Makina amalemba zonse, a Mbewe," anatero, maso ali pa kompyuta.

Kenako anadikira. Sanandiyang'ane, sanafunse funso. Anangopinda manja. Ndinkamva wailesi ya anyamata olongedza katundu. Ndinadziwa kuti akudikira kuti ndiulule ndekha. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Potsiriza anati, "Chabwino," nanyamuka kulowa mu ofesi ya mwini kampani, natseka chitseko.

Ndinkawaona kudzera pa galasi. Mwini kampani anaimirira, anakhala, anaimiriranso, nkhope itafiira. A Nyirongo anali chilili, manja kumbuyo. Ine ndinali nditayamba kale kulongedza kapu yanga m'jumbo. Atatuluka anabwera molunjika pa tebulo langa.

"Ndawauza kuti cholakwa ndi changa. Ndinalemba kuti belu likabwerera ndiye kuti ntchito yachitika. Kanthu kaja kamangoti ndamva, ine n'kumachonga kuti katseka swichi." Anayang'ana jumbo yanga. "Kapuyo mukupita nayo kuti? Bwezani. Kuli ntchito."

Dzina langa silinatchulidwe mu ofesi muja, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Analembanso mbali yawo yonse ya kenelo. Anakakamiza wolemba femuweya, munthu wa ku Durban amene ankagwira ntchito ali kwawo, kuti mutu waung'ono uziyankha kawiri: poyamba kuti uthenga wafika, kachiwiri kuti ntchito yachitika kapena yalephereka. Yankho lachiwiri likachedwa, kenelo izitumizanso, ndipo likapanda kubwerabe iziona ngati ngozi. Mutu waung'ononso ukaona kuti wamkulu wangoti zii, uzitseka batire wokha osadikira lamulo. Wa ku Durban anati zimenezi zichedwetsa zinthu. A Nyirongo anamuyankha pa foni, ife tonse tikumva, kuti abwere adzapereke moni wa dzanja kwa mayi wina wa ku Dunoon, akatero akambirane za kuchedwa. Kuyambira pamenepo ankati chete si yankho, ndipo ankanena zimenezi ngakhale kwa woperekera tiyi.

Koma mabokosi akale anali atamwazikana kale. Kampani inaitana amene inali ndi manambala awo, ndipo ambiri anabweretsa. Ena manambala anali atasintha. Anthu a m'malokesheni amasamuka, amagulitsana katundu, amabwerera kumudzi n'kusiyira mlamu. Choncho Loweruka lililonse a Nyirongo ankavala nsapato zawo zolimba, kompyuta m'chikwama chakumsana, n'kumayenda khomo ndi khomo ku Dunoon, ku Langa, kulikonse kumene amva kuti kuli bokosi, kukaikamo pulogalamu yatsopano ija. Achifwamba anawalanda foni kawiri. Tsiku lina anagwera mu ngalande ya madzi oipa, nafika kwathu akununkha, mkazi wanga n'kuwabwereka buluku langa limene linawalekeza m'maondo. Ndinkawaperekeza masiku ena, osati onse. Ndinkaopa kukhala nawo awiriwiri mu msewu wautali, kuopa kuti adikiranso.

Sanadikirenso. Ankandifunsa za phunziro la kusukulu, ankandiseka za Ntcheu, ankandigulira chimanga chootcha pa siteji. Kukoma mtima kwawo ndi kumene kunkandiopsa koposa. Mpaka lero sindidziwa ngati anandikhululukira kapena ankangondisiyira malo oti ndilankhule.

Mayi Esinati anamanganso sipaza. Ndimagula buledi kwa iwo, chifukwa kusiya kukanaoneka. Amandipatsira ndi dzanja lamanzere, lamanja lili pansi pa chigongono mwaulemu, lopindika ngati phazi la nkhuku yowamba. Amandifunsa za a Nyirongo, "agogo a juzi aja", amene ankabwera kudzawakonzera mawaya popanda chifukwa.

A Nyirongo anadwala mwezi umodzi wokha. Ndinapita kuchipatala kawiri. Ulendo wachiwiri ndinapita nditakonza mawu, ndinawayeseza m'takisi njira yonse. Ndinapeza m'chipinda muli mwana wawo wamkazi ndi anthu a kumpingo wawo akuimba. A Nyirongo anandiona, nakweza zala ziwiri pa bulangeti. Ndinati ndibweranso Loweruka. Anamwalira Lachisanu.

Lolemba lapitali mwini kampani anandipempha kuti ndilongedze za pa tebulo pawo, poti ndine wa kwawo. Tebulolo lili pakona, pansi pa zenera losatseguka. Pampando pali dzenje la thupi lawo, ndipo kumsana kwake nsalu inayera pamene juzi inkakhuza. Kabotolo ka jamu kali ndi timakoko ta mtedza pansi. Pali mapensulo afupiafupi osongoledwa ndi lezala, makope omangidwa ndi labala, ndi banga lozungulira la kapu limene ndalipukuta koma silikuchoka. Mawaya onse anawazula n'kuwakulunga bwinobwino, monga ankachitira tsiku lililonse poweruka. Pansi pa tebulo ndinapeza thumba la simenti lija. Anthu akamadutsa pakonapo amatsitsa mawu, ndipo palibe amene wakokapo mpandowo.

M'dilowa munali envulopu. M'kati mwake munali mndandanda wa mabokosi akale, mayina ndi malo, pafupifupi onse odulidwa ndi mzere wa pensulo. Asanu ndi limodzi anali osadulidwa. Munalinso kafulashi komatidwa tepi, kachipangizo kosungamo pulogalamu yatsopano ija, ndi pepala la malangizo: pobayira kafulashiko, batani loti ugwire, nyali yobiriwira iphethire kangati, ndi choti uchite ikapanda kuphethira. Malangizowo sanali m'Chingerezi ngati zolemba zawo zonse. Anali m'Chichewa, m'zilembo zikuluzikulu zotalikirana. Pakampani ponse wowerenga Chichewa ndatsala ndekha.

Ndinakhala pansi pa simenti, envulopu ili m'manja. Kunja mwera unali utayamba, malata a fakitale akulira. Magetsi kwathu ku Dunoon amazima n'kubwerera mpaka lero, nthawi zina katatu pa ola limodzi. Penapake pali mabokosi asanu ndi limodzi, pansi pa mashelefu a masipaza kapena pafupi ndi bedi la mwana, ndipo eni ake sakudziwa kanthu.

M'mawa mwake sindinakwere takisi ya ku Montague Gardens. Ndinapita kwa woyamba pa mndandanda, wometa tsitsi wa m'kontena pafupi ndi siteji. Anati bokosilo anapatsa mlamu wake chaka chatha, ali ku Masiphumelele, amagulitsa nkhuku zozizira, ndipo foni yake inabedwa.

"N'kutali kumeneko, madala. Takisi ziwiri ndi sitima. Mukalifuniranji bokosi la eni ake?"

Ndinamupempha andilembere dzina la mlamuyo kuseri kwa envulopu, m'zilembo zikuluzikulu. Kafulashi ndinakaika m'thumba la malaya n'kutseka ndi pini. Ndinakwera takisi ya ku tauni, ndinakhala ku zenera, ndipo njira yonse maso anga anali pamwamba pa madenga, kuopa kuona utsi.